Nyumba ya Mandala ndi Nyenyezi Yofiira

Mu 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland anafika m'dera la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, n'kuzika mishoni imene anaitcha Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Sipanapite nthawi anaona kuti nsalu, mchere, mankhwala ndi makalata sizingadziyendere zokha kuchokera kugombe. Panafunika amalonda. Choncho mu 1878 anthu achuma a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadzatchuka ndi dzina la African Lakes, ndipo anatumiza anyamata awiri apachibale, John ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse. John ankavala magalasi, anthu n'kumutcha Mandala. Dzinalo linamatirira kampaniyo, masitolo ake m'dziko lonse, ngakhalenso dera limene anamangapo.

Nyumba ya mabwana a kampaniyi inamangidwa mu 1882, ndi dothi, udzu ndi njerwa za pomwepa. Inali yosanja, chinthu chimene anthu a kuno anali asanachionepo, ndiponso ya khonde lalikulu lotchinjiriza makoma ku dzuwa ndi mvula. Pabwalo pake ndi pamene amtengatenga ankatula katundu. Sitima zochokera kumunsi zinkathera kwa Katunga chifukwa cha mathithi a mtsinje wa Shire, ndiye mitolo inkakwera mapiri pamitu ya anthu, n'kupumira pa Mandala, kenako n'kutsetserekera ku Matope kumene ulendo wa pamadzi unkayambiranso. Pobwerera ankasenza minyanga ya njovu. Mu 1884, Angoni atawoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya m'mapiriwa, anthu ambiri anathawira pa Mandala ndi pa mishoni.

Ndimamva ena akunena kuti nyumba zotere n'za atsamunda, zitigwere kutali. Sindivomereza. Mapulani anali a mzungu, inde, koma anaponda dothi ndani? Anaumba njerwa, kucheka matabwa ndi kukweza mitanda pamwamba ndani? Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, anachilingalira ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo anachimanga ndi amuna a m'midzi yozungulira amene anaphunzira ntchitoyo ali pakhoma pomwepo. Mukayandikira khoma lake mudzaona kuti njerwa zake n'zamitundumitundu, zina zokhota, zina zosongoka, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Mayina a amisiriwo ambiri sanalembedwe m'mabuku. Chimene anatisiyira ndi makoma amenewa, ndipo kuwagwetsa n'kufafaniza umboni wa manja awo.

Tilinso ndi chitsanzo cha zimene zimachitika nyumba ikagwetsedwa dala. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe ndi akhristu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi mphamvu zawo. Kuukira kwa Chilembwe kwa mu Januwale 1915 kutalephereka, boma la atsamunda linachiphulitsa. Linkadziwa bwino kuti khoma loimirira limakumbutsa anthu zinthu. Mishoni ya Chilembweyo, ya PIM, inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu, koma tchalitchi choyamba chija sichinabwerere, ndipo mwana wa sukulu wofuna kudziwa mmene Chilembwe ankamangira amangoona chithunzi.

Nanga ya Mandala inapulumuka bwanji, tauni yonse ikusintha? Blantyre inaphatikizana ndi Limbe mu 1956, n'kukhala mzinda mu 1966. Mtengo wa malo unakwera, ndipo nyumba zambiri zakale za m'mbali mwa Victoria Avenue zinapatuka kuti mabanki ndi maofesi ataliatali aime. Yankho langa n'lakuti nyumbayi sinakhalepo nthawi yaitali yopanda ntchito. Mabwana atasamuka munalowa maofesi. Zinthu zakale za dziko lino zinayamba zasungidwa momwemo isanamangidwe nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Lero pansi pali malo oonetsera zojambula ndi odyera, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946, mmene muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Aliyense amene anasiyapo nyumba kumudzi akudziwa kuti mopanda utsi chiswe sichichedwa. Pamene pali munthu wolowa m'mawa uliwonse, lata ikasomphoka imakhomedwa tsiku lomwelo, madzi asanalowe m'khoma la dothi.

Lamulo linabwera pambuyo. Boma linaika nyumbayi m'gulu la zipilala za dziko, ndipo lamulo la mu 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kugwetsa kapena kusintha malo otere popanda chilolezo. Koma pepala silifolera denga. Ku Zomba, kumene kunali likulu mpaka 1975, nyumba ya kazembe ya mu 1886 inakhalapobe chifukwa inasanduka malo ogona alendo, pamene zina za msinkhu wake, zimene zinasowa wozisamala boma litasamukira ku Lilongwe, zinayamba kung'aluka.

Palinso nyenyezi yofiira. M'nthawi ya Kamuzu Banda, nyumba za m'tauni zooneka zokalamba zinkapakidwa chizindikirochi pakhoma, kutanthauza kuti mwini wake aikonze kapena aigwetse, amange yamakono. Khonsolo ya mzinda yakhala ikuidzutsanso ntchitoyi m'zaka za pambuyo pake. Cholinga sichoipa ayi. Nyumba yoti ingagwere anthu pamsika siyofunika kuinyengerera, ndipo mzinda ukusowadi malo ochitira malonda. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti burashi ya penti siisiyanitsa nyumba yovunda ndi nyumba yakale yolimba imene yangosowa laimu.

Zimene zili pangozi kwenikweni si Mandala kapena St Michael, zimene aliyense amazidziwa. Ndi masitolo akale a amwenye ku Limbe ndi m'maboma, a makonde a mizati kumene telala amakhala ndi makina ake osokera, tepi ili m'khosi, wokonza mawotchi ali pambali pake. Ndi nyumba za ogwira ntchito za njanji, ndi nyumba zimene anthu omenyera ufulu ankakumaniramo usiku m'zaka za m'ma 1950. Zambiri mwa izi sizili pamndandanda uliwonse, choncho tsogolo lake lili m'manja mwa mdzukulu wolandira chuma chamasiye amene wogula malo wamuonetsa ndalama. Sitingamuweruze. Kukonza denga lakale kumadya ndalama, ndipo palibe amene amamuthandiza.

N'chifukwa chake ndikanakonda kuti injiniya wa khonsolo asamapite yekha kukapaka nyenyezi. Azitsagana ndi wa ku nthambi yoona za zipilala, nyumbayo aijambule, aiyeze, afunse achikulire a pamalopo kuti inamangidwa liti ndipo munkachitika zotani. Ikapezeka yolimba ndiponso ya mbiri, mwini wake amuchepetsereko msonkho wa malo, akonze denga, telala uja apitirize kulipira lendi pakhonde.