Chikwama cha Pa Jenda ndi Gawo 21

Basi ya pa msewu wa M1 ikafika pa rodibuloko ya Jenda, apaulendo amadziwa kale mwambo wake: wapolisi amaunguza m'kati, nthawi zina n'kulamula kuti zikwama zitsegulidwe. Malire a Zambia ali pafupi, ndiye chipikisheni pamenepa si chachilendo. Koma kodi dzanja la boma liyenera kulekera pati?

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi funsoli linalibe kolifunsira. Lamulo la Forfeiture Act la 1966 linapatsa nduna mphamvu yolanda chuma cha munthu amene yamuganizira kuti akuika pachiswe chitetezo kapena chuma cha dziko, ndipo khoti silinkaloledwa kuunika chigamulocho. Nyumba, sitolo, galimoto, zonse zinkapita ndi chilengezo chimodzi. M'misika ndi m'madepoti anyamata achipani ankaimika anthu kufuna khadi, chikalata cha khoti ali alibe. Choipitsitsa chinali chakuti wokuneneza, wokuweruza ndi wolanda anali mmodzi yemweyo.

Pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, olemba malamulo aakulu a 1994 anali ndi zipsera zimenezi m'maganizo. Gawo 21 limateteza munthu kuti asasechedwe thupi, nyumba kapena katundu, asalandidwe zake, komanso makalata ndi mafoni ake zisasokonezedwe. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufuluwu pokhapokha pali lamulo, chifukwa chomveka, ndiponso kufunikira kwake m'dziko la demokalase. Malamulo omwewo anakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti imve madandaulo a ozunzidwa ndi olandidwa.

Kwa wophunzira fiqh mfundoyi si yatsopano. Surat An-Nur imaletsa kulowa m'nyumba ya eni popanda chilolezo, Surat Al-Hujurat imaletsa tajassus, kufufuza zobisika za anthu. N'chifukwa chake Al-Mawardi, pofotokoza ntchito ya muhtasib, anati woyang'anirayu azithana ndi zoipa zoonekera, asamafukule zobisika, kupatula pamene pali umboni wa choopsa chosabwezeka monga kupha munthu. Kukayikira kokha sikutsegula chitseko.

Nkhondoyi sinathere mu 1994. Lamulo la apolisi la 2010, m'gawo 35, linalola wapolisi kusecha popanda chikalata cha khoti, bola alembe zifukwa zake ndi kuzitumiza kwa majisitireti. Mabungwe omenyera ufulu analikana, ndipo linali pakati pa malamulo amene anthu ankawadandaula pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, zimene zinaphetsa anthu ambiri ku Mzuzu kuposa mzinda wina uliwonse.