Mwana wa mfumu, mlendo pamudzi pa bambo ake

Tsiku lina m'chaka cha 1915, m'mudzi wa Omarakana pachilumba cha Kiriwina munabuka kulira ngati kwagwa maliro, chonsecho palibe amene anamwalira. Uthenga unali utafika kuchokera kuboma ku Losuia woti Mitakata, mmodzi mwa ana a mbumba ya mfumu To'uluwa, waponyedwa m'ndende. Amene anakamuneneza kwa mzungu woweruza milandu anali Namwana Guya'u, mwana wobereka yekha wa mfumuyo, wapamtima kuposa onse. Mlandu wake unali woti Mitakata ankazemberana ndi mkazi wake.

Kutada, Bagido'u, mkulu wake wa Mitakata amenenso ankayembekezera kulowa ufumu, anaima pakhomo pa nyumba yake n'kukweza mawu kuti mudzi wonse umve. Anamukumbutsa Namwana Guya'u kuti zaka zonsezi wakhala akudya chakudya cha eni mudzi, lero wawabweza chipongwe. Kenaka anatulutsa mawu opirikitsa munthu pamudzi, mwambo umene pachilankhulo chawo cha Kilivila amautcha yoba. Mawu amenewa akangotuluka sabwezedwa. Usiku womwewo Namwana Guya'u ananyamuka ulendo wa ku Osapola, kwawo kwa mayi ake. To'uluwa, mfumu yaikulu kuposa zonse pachilumbapo, anangodzitsekera m'nyumba masiku angapo. Akanati chiyani? Mwana wakeyo anakulira pamudzipo, koma malo sanali ake. Mayi ake, Kadamwasila, anafooka ndi chisoni ndipo sanakhalitse, anamwalira.

Nkhaniyi tikuidziwa chifukwa pakati pa mudziwo panali tenti ya Bronisław Malinowski, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wochokera ku Poland, amene anakhala pazilumbazi pakati pa 1915 ndi 1918. Anailemba m'buku lake la 1926, Crime and Custom in Savage Society. Dzina la bukulo likuonetseratu mmene azungu a nthawiyo ankaonera anthu akuda, koma zimene anaona usiku umenewo anazilemba mosamala.

Kiriwina ndi chilumba chachikulu mwa zilumba za Trobriand, kum'mawa kwa Papua New Guinea, m'chigawo cha Milne Bay. Dzina loti Trobriand si lawo ayi. Woyendetsa zombo wa ku France, d'Entrecasteaux, anadutsako mu 1793 n'kuzipatsa dzina la msilikali wina wa paulendo wake. Chilumbacho n'chafulati, chopanda mapiri, kutalika kwake makilomita pafupifupi 40, ndipo pansi pake ndi mwala woyera wa m'nyanja wokutidwa ndi dothi lochepa. Mbali ina ndi madambo osalimika. Malo olima alipo owerengeka, ndipo aliyense amadziwa kuti munda uwu ndi wa ayani.

Anthu a kumeneko ali m'mafuko akuluakulu anayi, koma malo sakhala m'manja mwa fuko lonse. Amakhala m'manja mwa dala, kagulu ka anthu otuluka mwa mayi mmodzi wakalekale. Mbiri yawo imati makolo oyamba a dala lililonse, kawirikawiri mkazi ndi mlongo wake, anatumphuka kuchokera pansi pa nthaka kudzera padzenje, phanga kapena kasupe, ndipo malo ozungulira pamene anatulukirapo anakhala awo. Mpaka lero anthu amatha kukulozera malowo. Chikalata cha malo n'chimenecho: dzenje, mayina a makolo, ndi nkhalamba yoikumbukira nkhaniyo bwinobwino. Mafumu a ku Omarakana amachokera ku dala la Tabalu, lapamwamba kuposa onse. Namwana Guya'u, potsata mayi ake, sanali Mtabalu.

Apa Mchewa aliyense wagwedeza kale mutu, chifukwa nkhani ya malume ndi mbumba si yachilendo kwa ife. Koma pali kusiyana. Kwathu kuno mkamwini amapita kwa mkazi, ana n'kukulira pamalo pa mayi awo. Ku Kiriwina mkazi ndiye amatsatira mwamuna, ngati chitengwa, choncho mwana amabadwira ndi kukulira pamalo pamene si pake. Akakula, makamaka ngati ali woyembekezera udindo, amayenera kusamukira kwa malume ake, kumene kuli minda ya dala lake. Tangoganizani: mudzi umene unaphunziriramo kuyenda, mitengo imene unakwera uli mwana, zonsezo n'zobwereka. Bambo wokonda mwana wake amayesetsa kumusunga pafupi, kumubwereka munda, kumuphunzitsa mankhwala a kumunda, pamene ana a mlongo wake akuyang'ana chammbali, akuwerenga chilichonse chimene chikutuluka m'nkhokwe ya malume awo. Audrey Richards, wophunzira wa Malinowski amene anadzakhala pakati pa Abemba ku Zambia, analemba zambiri za kukokanakokana komweku pakati pa bambo ndi malume m'mitundu ya kuno kwathu.

Chimene chimamanga zonsezi pamodzi ndi zilazi. Mwamuna salima munda wake waukulu kuti adye yekha. Zilazi zabwino kwambiri amakazitula kunyumba ya mlongo wake wokwatiwa, n'kuzisanja m'nkhokwe ya mlamu wake, mphatso imene Malinowski anailemba ndi dzina loti urigubu. Iyenso nkhokwe yake imadzazidwa ndi alongo a mkazi wake. Nkhokwezi amazimanga ndi mitengo yopingasa yosiya mipata, dala kuti odutsa aone zimene zili m'kati. Mfumu inkakwatira mitala kuchokera m'midzi yambiri, ndipo mkazi aliyense ankabwera ndi mzere wa alongo omulimira. Mphamvu zake zinkachokera pamenepo. Zilazi zina zinkaolera m'nkhokwe momwemo, ndipo anthu sankaona ngati kuwononga, ankaona ngati umboni woti mudziwo suopa njala.

Malinowski anayang'ana kwambiri amuna. Annette Weiner wa ku America atapita kumeneko mu 1971 anapeza kuti akazi ali ndi chuma chawochawo, timitolo ta masamba a nthochi ouma ndi masiketi a ulusi wa nthochi, chimene amagawa mochuluka pamwambo wa maliro wotchedwa sagali. Mwamuna amene analandira zilazi kudzera mwa mkazi wake amayenera kumuthandiza mkaziyo kupeza timitoloti. Pa sagali akazi a dala la womwalirayo amalipira onse amene anamusamalira ali moyo, n'kuonetsa kuti dala lawo lagwedezeka koma silinagwe. Ine ndimaona kuti Weiner ndiye anafika pamtima pa nkhani ya malo. Amuna amakangana za malire, koma dala limapitirira kudzera mwa akazi.

Nanga chitetezo? M'mudzi munalibe wapolisi. Munthu ankatetezedwa ndi abale ake a dala limodzi, alamu ake, ndi mantha. Imfa zambiri ankaziona ngati ntchito ya mfiti, imene amaitcha bwagau, ndipo mafumu ankaopedwa chifukwa ankatha kulemba ganyu mfiti zoterozo. A Tabalu ankakhulupiriridwanso kuti ali ndi mankhwala a mvula ndi dzuwa, oti akakwiya akhoza kugwetsa chilala pachilumba chonse. Nkhondo zinaliko, za mikondo ndi zishango, ndipo zinali ndi malamulo ake. Yomaliza yaikulu inachitika mu 1899, pamene anthu a ku Kabwaku anagonjetsa mfumu Enamakala, amene To'uluwa anadzalowa m'malo mwake, n'kutentha Omarakana. Koma taonani izi: opambanawo sanalande malo. Patapita nthawi panachitika mwambo woyanjana, ogonjawo anabwerera n'kumanganso mudzi pamalo pomwepo. Munthu ukhoza kumuthamangitsa, koma dzenje limene makolo ake anatulukira sungalisamutse.

Panthawiyo azungu anali atafika kale. Britain inatenga chigawochi mu 1884, amishoni a Methodist anakhazikika ku Kiriwina mu 1894, ndipo mu 1906 ulamuliro unapita m'manja mwa Australia pansi pa dzina loti Papua. Boma linaletsa nkhondo. Amishoni anabweretsa masewero a kiriketi mu 1903 poganiza kuti anyamata aiwala mikondo. Anthu anawalandira maseweroyo n'kuwasandutsa awo: timu ya anthu ochuluka mmene mudzi ungathere, utoto wa kunkhondo kumaso, magule ndi nyimbo zonyoza adani, ndiponso lamulo loti eni bwalo ndiwo apambane. Mpaka pano ndimaseka ndikaganiza nkhope ya m'busa amene anayambitsa zimenezi.

Koma bwalo la mzungu linasokoneza zinthu mwakachetechete. Kale mwana wa mfumu sakanayerekeza kulimbana ndi Mtabalu. Namwana Guya'u anatha kutero chifukwa ku Losuia kunali munthu wokhala ndi ndende amene sankasamala za dala la wina aliyense. Anapambana mlandu kuboma, n'kuluza mudzi. Mitakata uja anatuluka m'ndende, ndipo patapita zaka anadzakhala mfumu yaikulu ya Omarakana.

Pa 30 June 1943 asilikali a America anatera pachilumbachi pokonzekera kumenyana ndi Japan. Anamanga mabwalo a ndege ndi misewu ya mwala woyera, nkhondo itasunthira kwina anapakira n'kumapita. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunadzuka gulu la Kabisawali lotsogoleredwa ndi mlakatuli John Kasaipwalova, lofuna kuti anthu a pachilumbapo adziyendetsere okha malonda ndi ulamuliro. Gululo linagawa mafumu ndi midzi pawiri, ndipo silinakhalitse. Papua New Guinea italandira ufulu pa 16 September 1975, inasiya malo ambiri m'manja mwa eni ake. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'choti magawo 97 pa 100 alionse a dzikolo ndi malo a makolo. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lothetsera mikangano ya malo, loyamba ndi ankhoswe oyanjanitsa nkhani isanafike kukhoti.

Papepala zili bwino ndithu. Vuto n'loti chilumba sichikula. Anthu achulukana kangapo konse poyerekeza ndi nthawi ya Malinowski, pamene dothi ndi lomwe lija lopyapyala. Munda umene kale unkagonera zaka zambiri usanalimidwenso tsopano umabwererwa msanga, zilazi n'kumachepa. Mpunga wa m'sitolo ukufuna ndalama. Ndipo bambo amene walipirira mwana wake sukulu, n'kumanga nyumba ya malata, safuna kumva zoti zonsezo zidzapita kwa ana a mlongo wake.

Pa 24 October 2022 Kiriwina inamveka pa nyuzi za dziko lonse lapansi. Anthu a mbali ya Kulumata ndi a mbali ya Kuboma anamenyana ndi zikwanje, mikondo ndi miyala, ndipo malipoti oyamba anati anthu oposa 30 aphedwa. Atolankhani analemba kuti udani unakula kuchokera pa chisankho cha chaka chimenecho ndi imfa ya munthu wina pa nkhani ya mpira wamiyendo, koma chimene chinayatsa moto tsikulo chinali kuwonongedwa kwa minda ya zilazi. Nyuzipepala zakunja zinathamangira dzina lakale lokopa alendo loti zilumba za chikondi, ngati kuti chodabwitsa n'choti anthu a kumeneko amathanso kukwiya. Zinaphonya nkhani. Kuzula zilazi za munthu ku Kiriwina n'kumulanda chakudya cha chaka chonse pamodzi ndi mbewu ya chaka chamawa, n'kumuchititsanso manyazi pamaso pa mlongo wake ndi mlamu wake amene nkhokwe yawo ikhale yopanda kanthu.

Chowawa china n'choti midzi ya m'mbali mwa nyanja, ngati ya ku Kulumata, ndi midzi ya kumtunda yakhala ikudyetsana kuyambira kale kudzera mu msinthano wotchedwa wasi: awa nsomba, awa zilazi, munthu aliyense ndi bwenzi lake lodziwika kutsidya. Tsiku limenelo palibe amene anatha kuletsa kanthu, ndipo apolisi anachita kutumizidwa kuchokera ku Alotau, likulu la chigawocho, kutsidya kwa nyanja. Pamene ankafika n'kuti anthu atayamba kale kuika maliro.