Tanthauzo la mawu akuti "mwana" m'malamulo a nkhondo

M'Chichewa mawu akuti "mwana" amanena za ubale kuposa zaka, moti nkhalamba ya imvi imakhalabe mwana wa makolo ake, pamene mtsikana wovinidwa chinamwali, kapena mnyamata amene wayamba kusoka fodya m'zigafa za ku Kasungu, amatengedwa ngati wamkulu ngakhale ali ndi zaka 14. Malamulo oweruza milandu ya nkhondo pakati pa mayiko sayang'ana mwambo kapena msinkhu, amawerenga zaka zokha. Pangano la Rome la 1998, lomwe linakhazikitsa khoti la ICC ku The Hague ndipo dziko la Malawi linalivomereza mu 2002, limati kulemba usilikali munthu wosakwana zaka 15, kaya mokakamiza kaya wadzipereka yekha, ndi mlandu wa nkhondo, kutanthauza mlandu umene amazengedwa wolamulayo payekha, osati dziko lake. Woyamba kupezeka wolakwa kukhotilo anali Thomas Lubanga wa ku Congo, mu 2012.

Malire a zaka 15 ndi otsika momvetsa chisoni, chifukwa pangano nambala 182 la 1999 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limatcha mwana aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limaika kukakamiza ana usilikali pamodzi ndi ntchito zowononga thanzi, zonga kuthyola fodya wonyowa amene chikonga chake chimalowa pakhungu. Komanso si onse olemba ana usilikali amene amaweruzidwa: pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, amene ankagwira ana n'kuwalowetsa m'gulu la zigawenga la RENAMO ku Tete ndi Niassa sanazengedwe mlandu, pakuti nkhondo itatha mu 1992 boma la Mozambique linakhululukira mbali zonse.