Mseu wa ku Mwanza ndi Oimba Oyendayenda

Awerengi ambiri a nyuzi ino amadziwa Mwanza cifukwa ca zinthu ziwiri, ndizo manacesi ndi cipata ca malire. Koma ciripo cacitatu cimene sicilembedwa m'mabuku a kasitomu, cingakhale cakhala cikulowa ndi kuturuka pa cipata cimeneco zaka zambirimbiri, ndico nyimbo. Ine ndinakulira m'mbali mwa mseu umenewo, ndipo usiku wa Loweruka tinali kugona tikumva kulira kwa zingwe ndi ng'oma kucokera ku nyumba za mowa za pa boma. Makolo athu, pokhala anthu a mu Eklesia, anatiletsa kuyandikirako, koma khutu liribe citseko. Tsono ndifuna kulongosola kumene nyimbozo zinacokera, ndi umo anakhalira anthu oziimba. Pakuti ena a ife tinabvina, ena tinadzudzula, koma sitinafunse ngati woimbayo anadya tsiku limenelo.

Mseu wocokera ku Blantyre, utaoloka Shire, umadzera ku Mwanza, nulowa m'dziko la Mozambique pa Zobue, nufika ku Tete pa mtsinje wa Zambezi, ndi kupitirira kufikira ku Harare, mudzi umene Azungu anaucha Salisbury. Mlatho wa pa Tete unatsegulidwa m'caka ca 1973. Kale lonse anthu anali kuoloka pa pantoni kapena pa bwato. Njira imeneyi inameza amuna athu osawerengeka. Akuru amene boma la Nyasaland linawaika m'caka ca 1935 kuti afunse za anthu opita kunja kukagwira nchito anapeza kuti amuna monga 120,000 anali kunja kwa dziko. Ena sanabwerenso, ndiwo amene tiwacha machona. Koma obwerawo anadza ndi njinga, makina osokera, majekete, ndipo wina apa ndi apo anasenza gitala, banjo kapena galamafoni.

Mwini galamafoni anali munthu wolemekezeka pa mudzi. Pa ukwati kapena pa mcezo anamkhazika pa mpando, iye napukusa makina ace, nasintha singano, nasankha mbale yoti iimbe. Ndipo akaona kuti anthu atopa ndi nyimbo ina, anaika inzace yowautsa. Mnyamata amene ana athu amucha DJ, wokhala kuseri kwa kompyuta m'nyumba ya dansi, asadziyese woyamba: agogo ace pa nchito imeneyo ndi mchona wa galamafoni. Pambuyo pace inadza wailesi. Kuyambira m'caka ca 1949 kunagulitsidwa wailesi yochipa yooneka ngati sefuliya, ndipo nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inali kuulutsa mau m'Cinyanja. Momwemo anthu a kuno anamva Alick Nkhata ndi gitala wace asanamuone nkhope.

Koma mbiri imene iphunzitsa koposa ndi ya ana a James Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, kutsidya kwa Shire poyang'ana kucokera kwathu kuno. Banja limeneli linakhala ku Salisbury zaka zingapo kufikira 1961. Masiku amenewo m'makomboni a ku Johannesburg munabuka maimbidwe ochedwa kwela. Anyamata osauka anali kuima pa mphambano za miseu naliza zitoliro za citsulo zogula ndi makobiri owerengeka, anthu odutsa nawaponyera ndalama. Dzina lace silitibvuta ife, pakuti ndi mau omwewo amene tinena pouza munthu kuti akwere galimoto. Spokes Mashiyane ndiye anachuka koposa pa citoliro, ndipo m'caka ca 1958 nyimbo ina ya kwela, Tom Hark, inagulidwa kwambiri ngakhale ku England. Kucokera ku Johannesburg maimbidwewo anafika ku Salisbury pa mbale za galamafoni ndi pa kanema, ndipo kumeneko ndiko Daniel ndi mng'ono wace Donald anawamva.

Atabwerera kwao anapanga bandi ya anyamata okha okha. Zipangizo zao zinali gitala, citoliro, masece, ndi babatoni, ndiye bokosi lalikuru la cingwe cimodzi lolira ndi mau a pansi. Anali kuyenda pansi, kuimba m'miseu ya Blantyre, pa misika ndi pa mabwalo a mowa, malipiro ao ndi cimene womvera anafuna kuponya. Anaimba sinjonjo, saba-saba ndi simanje-manje, nalowetsamo mau a Cicewa ndi nkhani za pa mudzi, kotero kuti cimene cinadza ngati mlendo cinasanduka mwana wa pakhomo. Apa pali cinthu codabwitsa. Ku South Africa kwela anazirala msanga, eni ace natembenukira ku maimbidwe ena. Koma ku Chileka anakhalabe wamoyo zaka zambiri, monga mbeu imene yatha kwa mwini nkhokwe ndi kupezeka kwa mnansi amene anapemphako.

M'caka ca 1967 Gerhard Kubik, Mzungu wa ku Austria wophunzira za nyimbo za mu Afrika, anakomana nao ku Blantyre, najambula nyimbo zao, nalemba buku lonena za bandi yao. Kuyambira 1972 anayamba maulendo a kunja, kufikira ku Ulaya. Donald anapitiriza kuyenda pamodzi ndi Kubik ndi Moya Aliya Malamusi, wa ku Singano komweko, naimba m'maiko oposa 30, ndipo m'caka ca 1999 anaitanidwa kukaphunzitsa maimbidwe ace ku sukulu yaikuru ya ku Los Angeles. Anamwalira m'caka ca 2001. Daniel, amene anthu anamucha Dokotala cifukwa ca luso la zala zace, anali atatsogola kale m'caka ca 1987, ali ndi zaka 40 zokha. Nyimbo zace zinamveka pa wailesi ya MBC m'dziko lonse, koma lamulo loteteza mwini nyimbo la 1989 silinampeze, ndipo bungwe la COSOMA, losonkhetsa ndalama za oimba, linayamba nchito m'caka ca 1992, iye ali m'manda. Ine ndiyesa kuti pamenepa dziko lathu linadya za mmisiri osamlipira.

Tibwerere ku Mwanza. Nkhondo itakula m'dziko la Mozambique, magalimoto a katundu sanathe kuyenda okha pa mseu wa ku Tete. Anali kudikira pa malire kufikira atacuruka, ndipo anapita pa mzere, asilikari a Zimbabwe akuwaperekeza. Zinakhala comweco zaka zingapo. Madalaivala ogona pa Mwanza masiku awiri kapena atatu, ndalama ziri m'thumba, osadziwa ngati mawa adzafika amoyo, ndiwo anakulitsa nyumba za mowa ndi zogona alendo. Zoipa zimene zinatsata sitidzazibisa, pakuti matenda a Edzi anatenga anthu ambiri m'midzi ya m'mbali mwa miseu yotere, ndipo ife tinaika maliro ao. Koma m'magalimoto omwewo munadzanso makaseti a sungura, maimbidwe a gitala wothamanga a ku Zimbabwe. Ndipo onani, ena a oimba ace ochuka anali ana a machona athu! Nicholas Zakaria, amene anatsogolera Khiama Boys, ndi Alick Macheso, wobadwa m'caka ca 1968, amene anaphunzira kwa iye asanapange bandi yace, onsewo atate ao anali a ku Malawi, ndipo anaimba nyimbo zina m'Cicewa. Makolo anatsika ndi mseu uwu atasenza mphasa. Mau a ana ao anakwera nao m'kaseti.

Citafika caka ca 1994, pamene pakamwa pa anthu panamasuka, mabandi a kuno anacuruka nayamba kuzungulira maboma onse. Lucius Banda, wocokera m'bandi ya Alleluya ya ku Balaka, anayenda ndi Zembani Band zaka zambiri kufikira imfa yace m'caka ca 2024. Evison Matafale wa ku Chileka anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, koma Black Missionaries imene anaiyamba inapitiriza ulendo, ana a Robert Fumulani akuitsogolera.

Munthu woona oimba pa nsanja, nyali zikuwala, amayesa kuti ndi olemera. Awerenge bwino. Asanalize cingwe ayenera kulipira galimoto yonyamula zipangizo, mafuta ace, mwini bwalo, alonda a pa khomo, mapepala olengeza, ndi injini ya magetsi yodikira ngati magetsi azima. Zonsezi ziturukira m'ndalama za pa khomo, ndipo zotsala zigawidwa kwa anthu khumi kapena oposa. Mvula ikagwa madzulo, kapena mwezi ukakhala pakati anthu asanalandire, ulendo wonse wapita m'madzi. Mwini nyumba ya mowa adziwa masamu amenewa, cifukwa cace akonda DJ, amene ali munthu mmodzi, mimba imodzi, ndipo m'kompyuta yace muli nyimbo za mabandi onse.

Mnyamata wina amene ndinamphunzitsa, wanzeru pa masamu, analowa m'bandi yaing'ono ya m'tauni monga woliza gitala. Caka cina anadza kudzaimba pa boma pano m'mwezi wa February, nthawi ya njala, ndipo analowa anthu osakwana kudzaza mabenci atatu. Mwini bwalo anatenga gawo lace poyamba, monga anapangana. M'mawa mwace ndinampeza mnyamatayo pa siteji ya basi, atakhala pa bokosi la cokuzira mau, akudya manyuci. Anandilonjera mwaulemu, nati, "Aphunzitsi, tikudikira munthu woti agule cimodzi mwa izi, kuti tipeze mafuta ofikira ku Zalewa." Ndinapita naye kunyumba, mai a kwathu namphikira nsima, ndipo madzulo ace anzace anadzamtenga, pakuti Loweruka linalo anali ndi dansi ku Balaka.