Magazini ya Rolling Stone

Rolling Stone ndi magazini ya ku America imene imalemba za nyimbo, oyimba komanso ndale. Inayamba kutuluka pa 9 Novembala 1967 mumzinda wa San Francisco. Anaiyambitsa ndi Jann Wenner, mnyamata wa zaka 21 amene anasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite ku Berkeley, mothandizana ndi Ralph J. Gleason, mtolankhani wamkulu msinkhu wolemba za nyimbo za jazz. Mpamba wake unali madola 7,500 ochita kubwereka. Kope loyambalo linkaoneka ngati nyuzipepala wamba, linkagulitsidwa masenti 25, ndipo patsamba loyamba panali woyimba John Lennon atavala chisoti cha asilikali, chithunzi cha mufilimu ya How I Won the War.

M'zaka za m'ma 1970 magaziniyi inatchuka ndi nkhani zitalizitali. Mu 1971 inasindikiza Fear and Loathing in Las Vegas ya mtolankhani Hunter S. Thompson, ndipo mu 1977 likulu lake linasamukira ku New York. Pa 8 Disembala 1980 wojambula zithunzi wake, Annie Leibovitz, anajambula Lennon ali mbulanda, atadzipinda ngati khanda n'kukupatira mkazi wake Yoko Ono. Usiku wa tsiku lomwelo Lennon anawomberedwa ndi mfuti n'kumwalira. Chithunzicho chinatuluka pachikuto mu Januwale 1981.

Dzina la magaziniyi ndilo lokoma kulifotokoza. Ambiri akalimva amayesa kuti magaziniyi ndi ya gulu loyimba la The Rolling Stones la ku London, koma ayi, ndi zinthu ziwiri zimene zinamwa pachitsime chimodzi. Gwero lake ndi mwambi wakale wa Angerezi wonena kuti mwala wogubuduzika sumera ndere, kutanthauza munthu wosakhazikika malo amodzi. Muddy Waters, katswiri wa nyimbo za blues wokulira ku Mississippi, anatulutsa nyimbo ya dzina limeneli mu 1950, ndipo anyamata a ku London aja anatengera pomwepo dzina la gulu lawo mu 1962. Woyimba Bob Dylan naye anabwera ndi Like a Rolling Stone mu 1965. Choncho m'mawu awiri okhawa muli mwambi wa makolo, muli blues ya anthu akuda a kummwera kwa America, mulinso rock ya achinyamata a nthawiyo. Dzina lonyamula katundu chonchi silipezekapezeka!

Ndalama zoyendetsera ntchito zimachokera ku malonda a magaziniyo ndi kwa otsatsa malonda. Kampani ya Penske Media inagula gawo lalikulu la magaziniyi mu 2017 n'kumalizitsa lotsalalo mu 2019. Mindandanda ya magaziniyi ya zimbale ndi nyimbo 500 zopambana imawerengedwa kwambiri, ngakhale ena amaidandaula kuti inkakondera oyimba rock achizungu.

Magaziniyi imatulukanso m'mayiko ena ndi nkhani za oyimba akumeneko. Ya ku South Africa, imene inasiya kutuluka, inayamba mu 2011, ndipo pachikuto choyamba panali woyimba Hugh Masekela.