Mwana Wotsala Pakhonde

Aliyense amene anayendapo m'midzi yathu mmamawa, mame asanakamuke, anaonapo tiana ta zaka zitatu kapena zinayi tikuyenda mondondozana, kapu m'manja, kena katasenza nkhuni imodzi, tikulunjika kusukulu ya mkombaphala. Koma wopenyetsetsa anaonanso mwana wina atakhala pamkeka pakhonde, akuwatsata anzakewo ndi maso mpaka atazimirira. Mwana ameneyu, kaya ndi wofooka miyendo, kaya samva, kaya amagwa khunyu, ali ndi mbiri yakeyake m'dziko muno, ndipo mbiriyo ndi yaitali kuposa ya sukulu imene akuikhumbirayo.

Makolo athu analibe nyumba yolereramo ana, pakuti mudzi wonse ndiwo unali nyumbayo. Mwana akachoka kumsana kwa mayi ake ankapita kumsana kwa mlezi, kamtsikana ka pachibale. Akasiya kuyamwa ankagona ku kuka kwa agogo, kumene nthano ndi zilapi zinkamutsekula mutu. Ndipo nyengo ya masika, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ankapita kumasanje, kumene aliyense ankapatsidwa udindo wake, wina bambo, wina mayi, wina fisi. Mwana wosayenda ankaberekedwa n'kukamukhazika pamthunzi kuti azisonkhezera moto, ndipo mbumba inkadziwa kuti wolumalayo ndi wa onse, malume ake ndiwo omuyankhira. Akuluakulu ankadzudzula woseka mnzake ponena kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Komatu tisakometse zakale koposa muyeso, chifukwa mudzi womwewo unalinso ndi nkhope ina. Mwana akabadwa wosiyana ndi anzake, anthu ankayamba ndi kufunsa amene walakwa asanafunse chimene mwanayo akusowa: ena ankati walodzedwa, ena ankati bambo wake wakhwimira chuma, ena ankaloza mayi kuti sanasunge mwambo ali ndi pakati. Wakhunyu ankamuthawa akagwa, poganiza kuti nthendayo imapatsirana, ndipo ambiri anapsa pamoto anthu akuonerera chapatali. Pothawa manyazi, mabanja ena ankabisa mwana kuchipinda alendo akafika. Mawu amene ankawaitanira ana otere, monga gonthi, chitsiru ndi napweri, akusonyeza okha kulemera kwa goli limene anawo ankasenza.

Kuwala koyamba kunatulukira kwa abale athu a kumadzulo. M'chaka cha 1905, pa mishoni ya Dutch Reformed ya Magwero, pafupi ndi Fort Jameson imene lero ndi Chipata, mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala, ndipo iwo atamwalira ntchitoyo inapitirizidwa ndi Ella Botes kwa zaka zambiri. Kuno ku Nyasaland kunachedwa ndithu, pakuti sukulu za osaona za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zinatsegulidwa ndi amishoni m'zaka za m'ma 1950, patapita zaka zoposa 70 chikhazikitsire sukulu yoyamba ku Cape Maclear mu 1875. Osamva anadikira kufikira 1968, pamene mabulazala a Chikatolika ochokera ku Netherlands anayamba ntchito ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kuli sukulu ya Maryview ndi koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana aulumali. Pambuyo pake kunabwera sukulu za ku Mua, ku Mountain View ndi ku Embangweni.

Ntchito imeneyi inali yaulemu, ndipo amene anaonapo mwana wosaona akuwerenga Mawu pamaso pa mpingo wonse, zala zikuyenda pa pepala, sangaipeputse. Koma ine ndikuona kuti inali ndi mipata iwiri. Sukuluzo zinali zogonera komweko, motero kuti mwana aphunzire ankayenera kuchotsedwa pa mudzi wake, ndipo mudziwo unazolowera kuganiza kuti mwana wolumala ndi wa amishoni. Ndiponso zinkalandira mwana atakula kale. Wosamva wofika ali ndi zaka 8 kapena 10 ankakhala atadutsa nyengo yonse imene lilime ndi nzeru zimaphuka, wopanda chinenero chilichonse koma kulozaloza kwa pakhomo pawo.

Boma la ufulu linalowapo pang'onopang'ono. Lamulo la 1971 linabala bungwe la MACOHA, limene linalimbikira kwambiri kuphunzitsa akuluakulu ntchito za manja. Mu 1979 kunayamba Malawi Against Polio, imene inapereka ndodo ndi zitsulo za m'miyendo kwa ana opuwala ndi poliyo. Ndipo mu 1994, pamene fizi ya pulayimale inachotsedwa, ana anakhamukira m'makalasi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, aulumali ena ali momwemo, ngakhale mphunzitsi analibe mpata wowapenya.

Nanga mkombaphala unachokera kuti? Sukulu za ana aang'ono zinayambira m'matauni, m'zipinda za matchalitchi, ndipo mu 1970 zinapanga bungwe lake. Koma zinali za ana a anthu olandira malipiro. Zakumudzi zinayesedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 m'maboma a Mzimba, Salima ndi Chikwawa mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo chimene chinazichulukitsa ndi chisoni, pakuti mliri wa Edzi utasiya ana amasiye m'manja mwa agogo okalamba, midzi inaumba njerwa, inalima minda ya onse, nisankha amayi ndi abambo odzipereka, amene anatchedwa dzina lakale lija lakuti alezi. Ndondomeko ya boma ya kaleredwe ka ana aang'ono inadza mu 2003, ndipo mwambi wakuti mmera mpoyamba unasanduka mbendera ya ntchito yonseyo. Apa, kwa nthawi yoyamba m'mbiri yathu, panapezeka malo ophunzirira ali pakati pa mudzi, olandira mwana pa msinkhu umene Chilanga ndi Maryview sankamufikira.

N'chifukwa chake kutsala kwa mwana uja pakhonde kumandiwawa. Zifukwa zake n'zodziwika: mayi sangamubereke mtunda wautali tsiku ndi tsiku kumunda kukudikira, chimbudzi cha pasukulupo sangalowemo, makolo ena amawopseza kuchotsa ana awo akamva kuti pali wakhunyu, ndipo mlezi, amene salandira malipiro enieni, amene maphunziro ake akachuluka ndi a masabata awiri, ali ndi ana makumimakumi pamaso pake, amaopa kulandira mwana amene sadziwa momudyetsera phala osamutsamwitsa. Sindingamuweruze mlezi ameneyo. Ambiri mwa ana otere analumala ndi malungo a mu ubongo kapena kubanika pobadwa, ndipo chimene akusowa si chachilendo: mpando wochirikiza msana, umene ena amaupanga ndi makatoni, mankhwala a khunyu ochokera kuchipatala chaching'ono, zizindikiro za manja zowerengeka zimene ana onse angaphunzire ngati sewero, ndi diso la munthu wozindikira msanga kuti mwana wachedwa kukhala, kukwawa kapena kuyankhula, kuti alangizi a zaumoyo amutumize kuchipatala nthawi ikadalipo.

Malamulo tili nawo, la 2012 ndi lolowa m'malo mwake la 2024, onse oletsa kusala mwana pa maphunziro, koma lamulo palokha silikamutenga mwana pakhonde. Mefiboseti wa m'Malembo, amene anapunduka ali ndi zaka 5 atagwa m'manja mwa mlezi wake pothawa, anadya pagome la mfumu chifukwa Davide anayamba wafunsa ngati pali wina wotsala, natuma anthu kukamutenga ku Lodebara. Inu mafumu, inu a komiti ya mkombaphala, inu akulu a mpingo ndi a mzikiti, mukamalemba mayina a ana chaka chino, yendani khomo ndi khomo, mufunse za mwana amene sanatchulidwe, mugwirizane za womubereka mmawa uliwonse; ndipo a boma aphunzitse alezi za ana otere ndi kuwalipira monga antchito.