Mmene Utsi wa Fodya Unalowera M'nyumba Zathu

Fodya, amene ife a mbadwo uno timamuyesa mbewu ya makolo monga mapira ndi mawere, sanabadwire m'dziko muno, koma anachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ku America, kumene eni dziko ankamusuta ndi kumufwenkha Azungu asanapondeko. Ndipo Apwitikizi atamunyamula m'zombo zawo m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, anatsika naye pamadooko a gombe la kum'mawa, nakwera naye Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete, kumene amalonda a minyanga ndi nsalu anamulandira, namupatsirana mudzi ndi mudzi kufikira analowa m'dziko la Amaravi. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akulima kale fodya pamodzi ndi thonje, ndipo palibe mwa iwo amene akanavomera kuti mbewuyo inali yobwera.

Koma fodya wa masiku amenewo sanali wa m'munda waukulu, ndiponso sanali wa munthu aliyense. Mwini nyumba ankaoka mbande zowerengeka kuseri kwa nyumba, padzala kapena pakhola lakale pamene nthaka inanona, ndipo masamba akakhwima ankawathyola, nawaumitsa, nawapota kapena kuwaumba kuti asungike kufikira chaka china, otsala nasinthanitsa ndi nkhuku, mchere kapena khasu. Amene anakulira pamiyendo ya agogo aakazi akumbukira mmene ntchembere inkakazingira tsamba paphale, nilipera pamwala pamodzi ndi kaphulusa pang'ono, nilithira m'kansupa kopisa m'chiuno. Mmene inkagogodera kansupako pachikhatho mlendo akangokhala pamphasa, malonje asanayambe. Ndi mmene mlendoyo ankatsinira pang'ono ndi zala ziwiri, nafwenkha, nayetsemula, napukuta msozi, ndipo pamenepo mpamene ankafunsidwa za kumene wachokera. Sichabe kuti akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, pakuti fodya amene ankamudziwa bwino koposa anali wopanda moto ndi wopanda utsi.

Madoda ndiwo ankasuta, koma kaliwo anali ndi malo ake, ndiwo pabwalo, patsinde pa kachere, pamene amuna ankasoka mphasa, kuluka malichero ndi kuweruza milandu, mphepo ikuomba. Mwana anali ndi gawo limodzi lokha pa fodyayo: akamva kuti, "Iwe, kapale moto," ankathamangira kumafuwa kwa amake, nabwera ndi khala paphale, nanjuta, napereka ndi manja awiri, nachoka, chifukwa kukhala pakati pa akulu popanda kuitanidwa kunali chipongwe. Mnyamata wa kumphala akagwidwa ndi kaliwo ankachititsidwa manyazi, ndipo mkamwini, amene ankapatuka m'njira akaona apongozi ake aakazi patali, sakanalimba mtima kuwafukizira utsi pakhonde pawo. Sindikuti masikuwo anali oyera ngati a m'munda wa Edene, pakuti fodya wamphuno naye ali ndi ululu wake, ndipo chamba chinkasutidwanso; ndikungoti ulemu wa pamudzi unkatalikitsa mwana ndi utsi wa fodya, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaika mwambowo ndi cholinga chimenecho.

Tikatembenukira kwa mayi wapakati, tipeza kuti makolo athu anamutchinga ndi malamulo ochuluka koposa munthu wina aliyense pamudzi. Mimba yoyamba ikaonekera, anamkungwi ankasonkhana kuchita chisamba, namulangiza namwaliyo kuti asadye mazira, kuopa kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, ndi kuti asaime pakhomo, kuopa kuti mwana angaime panjira tsiku la kuchira. Mwamuna naye ankauzidwa mwamphamvu kuti asayende kumbali, kuti angaphe mkazi wake pamodzi ndi chipatso cha mimba yake. Mwana atabadwa ankabindikira ndi amake m'chikuta kufikira mchombo utagwa, osakhudzidwa ndi munthu wotentha, ndipo ngakhale atatuluka ankayesedwabe wozizira ndi wosakhwima kufikira tsiku limene bambo ndi mayi anamutengera kumphasa. Taonani tsono chodabwitsa: malamulo amenewa, amene anafika ngakhale pa dzanja lothira mchere m'ndiwo, sanaike fodya m'gulu la zoopedwa.

Chifukwa chake sichivuta kuchipeza. Kwa makolo athu utsi unali bwenzi la nyumba, pakuti ndiwo unkathamangitsa udzudzu, ndiwo unkateteza mbewu yopachika kutsindwi kuti isafumbwe, ndiwo unkalimbitsa denga ndi mwaye wake. Ndipo m'chikuta momwemo moto sunkazima, kuti mayi ndi khanda afunde. Munthu wobadwira mu utsi wa nkhuni sakanaopa kautsi ka m'kaliwo. Komanso fodya anali wa ntchembere zoleka kubereka koposa wa anamwali, kotero kuti sanali kukomana kawirikawiri ndi mimba. Ndipo pamene anakomana nayo, kuipa kwake sikunali kwa tsiku limodzi monga kwa bowa wakupha, koma kwa kachetechete, kotero kuti mwana akabadwa wochepa thupi, kapena akamatsokomola osaleka, akulu ankakhala pansi kufunsana kuti wamusempha ndani, mlandu nugwera bambo kapena mayi pa chifukwa china.

Zinthu zinatembenuka pamene fodya anasanduka ndalama. Abale a Buchanan, amene anali ndi minda ku Zomba ndi ku Blantyre, ndiwo anatumiza kunja fodya woyamba m'chaka cha 1893. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga nyumba zake ku Limbe mu 1908. Ndipo cha m'ma 1920 Azungu awiri, Barron ndi Wallace, atakhala pa Mbabzi kufupi ndi Lilongwe, anayamba kugawira anthu akumidzi mbewu ya fodya wa chikopa ndi kugula masamba awo, ntchitoyo nifalikira m'chigawo chapakati mofulumira kotero kuti boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti iziyang'anira alimiwo ndi misika yawo. Okushoni ya ku Limbe inatsegulidwa mu 1938. Msonkho wa nyumba ndiwo unali chikoti chosaoneka kumbuyo kwa zonsezi, pakuti munthu wosowa ndalama ya msonkho anayenera kusankha pakati pa thangata, ulendo wa ku Halale, ndi munda wa fodya. Ufulu utabwera, lamulo la 1972 linasungira maesiteti fodya wa bale ndi wa kampopi, mabanja ambirimbiri ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi kwina nakakhala matenanti ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba, kufikira chiyambi cha zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale m'minda yawo. Mbewu ija ya kuseri kwa nyumba inadzakhala mbuye wa banja lonse, kuyambira kunazale mpaka kujeke.

Ndudu inafika ndi anthu oyenda. Asilikali a King's African Rifles, amene anakamenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Burma, anaizolowera kumsasa. Matchona obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Rhodesia anatsika nayo pamodzi ndi jekete, chipewa ndi njinga. Ndipo mnyamata wa kumudzi, poona kuti munthu wobwera kutali ndi amene ali nayo pakamwa, anaiyesa chizindikiro cha kutsegula maso, chikomekome cha nkhuyu osadziwa za nyerere zili m'kati. Wosowa ndalama ankapichira chingambwe m'pepala la nyuzi kapena m'khoko la chimanga. Tsono ndudu inasiyana ndi kaliwo pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chakuti sinafune bwalo, kapena khala, kapena anzako okhala nawo. Inangofuna machesi m'thumba, ndipo potero inatsata mwini wake kulikonse, m'basi, m'sitolo, pamphasa yodyera, ndi pogona pomwe. Anthu atayamba kudzazana ku Ndirande, ku Mbayani, ku Kawale ndi m'makomboni a maesiteti, m'zipinda za lendi za zenera limodzi, limenenso limatsekedwa dzuwa likangolowa poopa udzudzu ndi akuba, bambo, mayi wapakati ndi ana anayamba kupuma mpweya umodzi usiku wonse, popanda apongozi kapena malume wa anawo pafupi woti achite nawo manyazi.

Ntchito ya mwana nayo inasintha. Uja ankatumidwa kukapala moto tsopano anayamba kutumidwa kuokala ndi khobidi m'manja kukagula ndudu imodzi kapena ziwiri, popeza ochepa ndiwo ankatha kugula paketi yathunthu. Ndipo machesi akasowa ankauzidwa kuti, "Ukayatsiretu kumoto kwa amako," mwanayo nayenda nayo kuchokera kukhitchini kufika pakhonde, akuikokera kamodzi kapena kawiri kuti isazime panjira. Abambo ambiri a imvi lero, akafunsidwa pamene anayambira, amaloza ulendo waufupi umenewo.

Chimene mwambo sunathe kuona anachiona ndi madokotala a kutsidya kwa nyanja, ndipo nawonso anachedwa. Mu 1950 Richard Doll ndi Bradford Hill ku Britain anaonetsa kuti kusuta kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo. Mu 1957 dokotala wamkazi wa ku California, Winea Simpson, atalemba za amayi oposa 7,000, anapeza kuti ana obadwa ochepa thupi ankachuluka pafupifupi kawiri pakati pa amayi osuta. Mabungwe a madokotala ku Britain mu 1962 ndi ku America mu 1964 anachenjeza maiko awo poyera. Ndipo mu 1981 Takeshi Hirayama wa ku Japan, atatsata akazi osasuta oposa 90,000 kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti mkazi wokwatiwa ndi wosuta amadwala khansa ya m'mapapo koposa mnzake wokwatiwa ndi wosasuta. Njira imene ululuwo umayendera njodziwika tsopano. Mu utsi wa fodya muli mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula yamakala m'chipinda chotseka, umene ukalowa m'magazi a mayi umalanda malo a mpweya wabwino. Ndipo nikotini amafinya mitsempha yopita kunsengwa, kotero kuti mwana wa m'mimba amalandira chakudya ndi mpweya mopereweza, nabadwa wopepuka ndi magalamu ngati 200 poyerekeza ndi anzake, kapena kubadwa masiku asanakwane, kapena mayi kupita padera. Khanda lokulira mu utsi limagwidwa kawirikawiri ndi chibayo, mphumu ndi mafinya a m'khutu, ndipo lili pangozi yoposa ya imfa ija yadzidzidzi yopeza mwana ali m'tulo.

Malangizo amene anatuluka m'kafukufuku ameneyu analembedwera maiko amene akazi ambiri ankasuta, ndipo atafika kuno anaperekedwa kwa mayi kusikelo, monga mwa chizolowezi. Koma kalembera wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti m'Malawi akazi osuta sankafika mmodzi pa 100 alionse, pamene amuna ankaposa 10; ndiye kuti utsi umene mayi wa kuno amapuma, pambali pa wa nkhuni, ndi wa mwamuna wake, wa mlamu wake, kapena wa mlendo amene sangathe kumuuza kuti atuluke panja. Apa ndimaona kuti anamkungwi akale anali anzeru kuposa ife pa chinthu chimodzi, pakuti iwo mimba sankaiyesa ya mkazi yekha, ndipo lamulo lolemera koposa ankalisenzetsa mwamuna.

Palinso njira ina imene fodya amafikira mwana wa kuno popanda moto, imene mabuku a ku Ulaya sanaiganizire kwenikweni. Tsamba laliwisi lonyowa ndi mame kapena mvula limalowetsa nikotini kudzera pakhungu, wothyolayo nagwidwa ndi chizungulire, nseru ndi litsipa. Ndipo m'miyezi yothyola, mayi wapakati amawerama m'mizere kuyambira mbandakucha, kenaka nakhala m'chigafa tsiku lonse kusoka masamba, khanda lili kumbuyo, ana okulirapo akumupatsira mikangala. Bungwe la Plan International linalemba mu 2009 kuti ana pafupifupi 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndi kuti pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulandira m'thupi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Ndipo mu 2019 boma la America linayamba kuimitsa fodya wa kuno pamadooko ake chifukwa cha ntchito ya ana ndi yokakamiza.

Pangano la maiko loletsa kufala kwa fodya, limene bungwe la WHO linavomereza mu 2003, Malawi analowamo mu 2023, pambuyo pa pafupifupi maiko onse a mu Africa. Ndipo kuzengereza kumeneku sikudabwitsa munthu wodziwa kuti kwa zaka zambiri fodya yekha wabweretsa theka kapena kuposerapo la ndalama zakunja zimene dziko limagulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Panganolo limalamula maboma kuteteza anthu ku utsi m'malo antchito, m'magalimoto onyamula anthu ndi m'nyumba zosonkhaniramo, koma pakhomo pa munthu silifikapo. Ndipo kwa mlimi wa fodya nyumba ndi malo antchito n'chimodzi, pakuti masamba akauma, poopa akuba ndi mvula yakumapeto, amawasanja m'nyumba yogona, nawasankhira momwemo, fumbi lake lili koboo, ana akugona pambali pa muluwo kwa milungu ingapo, kufikira galimoto yopita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma itabwera kudzanyamula mabelo.